ZAKUDYA ZA MASIKA: MPHIKA WA KWATHU PA MGODI

Abale anga a pa migodi, mwezi wa April wafika, ndipo mphepo yayamba kusintha. Inu olowa shifiti ya m'mawa mwaona kale kuti anthu aima pa geti manja ali m'matumba, ndipo dzuwa licedwa kutuluka. Nyengo imeneyi a kalendala aiyamba pa 20 kapena 21 March, tsiku limene usana ndi usiku zilingana, naimaliza mu June. Kwathu sitiifuna pa kalendala ai, tiiona m'munda. Mapesi ayamba kuuma, maungu ali mbwee pansi pa cimanga, mtedza wakhwima, ndipo mizere ya mbatata yang'ambika. Dzina lace ndi masika, nyengo imene ngakhale mwana wamasiye agona wokhuta.

Ine ndine mabalani, ndigwira nchito mu ofesi yolemba masiku ndi malipiro pa mgodi wina kuno ku South Africa. Zophika sindinaziphunzire ku sukulu, pakuti maphunziro anga ndi a pulaimale ya mishoni kwathu ku Dedza. Koma ndinakulira pafupi ndi mafuwa a amai, ndipo zimene ndinaona pamenepo, pamodzi ndi zimene andiphunzitsa madala a pa mgodi, ndizo ndifuna kukupatsani lero. Mau anga ndi awa: mwamuna wokhala kutali ndi kwao ayenera kudziwa kuphika zakudya za masika ndi manja ace. Akatero thupi lipeza mphamvu pa cisanu, ndalama itsala m'thumba, ndipo mtima suiwala kumene unacokera.

KUZIZIRA KWA KUNO SI KWA KWATHU

Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wokwera mamita monga 1,750 kuposa nyanja ya mcere, pamene Lilongwe ali pa mamita monga 1,050. Ndiponso kuno ndi kumwera kwambiri. Cifukwa cace kuyambira mu May cisanu cigwa usiku, udzu nuyera mbuu m'mawa ngati authira ufa. Agogo athu anakumana nako kuzizira kumeneku. M'caka ca 1913 boma la South Africa linaletsa migodi kulemba anthu ocokera ku maiko ofunda a kumpoto, monga Nyasaland, cifukwa ambiri anali kufa ndi cibayo. Ciletsoco cinacotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo pofika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kuno.

Iwo anali kudya phoso la m'komponi, nsima yophika m'miphika yaikuru ya citsulo, nyemba, nyama pang'ono ndi maheu, ndipo munthu analibe mau pa cimene am'thirira m'mbale. Lero zinthu zinasintha. Ambiri a ife tikhala m'zipinda za lendi, ena m'mahositelo momwe munthu ali ndi malo ace ophikira. Koma taonani cimene ticita nao ufulu umenewu: buledi wouma ndi cakumwa ca m'botolo masana, cipisi ca m'pepala usiku. Munthu wacokera pansi kumene mwala utentha, thukuta liri kamukamu, nafika kunja kuli mphepo ya cisanu, kodi buledi yekha angam'gwire m'mimba?

Ena ati kuphika ndi nchito ya akazi. Nanga asodzi a ku Nkhotakota amene agona pa gombe, awaphikira ndani? Nanga anyamata oweta ng'ombe, mbatata kudambo awaochera ndani? Njala sifunsa ngati uli ndi ndebvu. Tsono tengani mthiko, tiyambe.

FUTALI WA MBATATA

Ndiyamba ndi futali, cifukwa ndi wosabvuta ndipo mphika umodzi ukwana. Tengani mbatata kilo imodzi, ndiye kuti mbatata 5 kapena 6 zapakati. Zisendeni, ziduleni zibenthu, muziike mumphika ndi mcere pang'ono, ndi madzi ongofika pakati pa mbatatazo. Bvundikirani, ziwire mphindi 20. Zikafewa, sungunulani kapu imodzi ya nsinjiro m'madzi ozizira pang'ono, thirani pamwamba, cepetsani moto, ndipo mudikire mphindi 10. Pambuyo pace takasani kufikira mbatata zina zaphwanyika, zina zatsala zibenthu. Anthu 3 akhuta, ndipo kapu ya tiyi ikakhala pambali simufunanso kanthu. Futali wa maungu kapena wa cinangwa aphika cimodzimodzi.

Kwathu nsinjiro asinja mu mtondo naisefa, koma kuno mtondo ngosowa. Ikani mtedza wauwisi m'kansalu koyera pa thabwa, muupere ndi botolo lolimba. Kapena gulani ciponde ca m'botolo cosathira shuga. Masupuni akuru 4 alowa m'malo mwa kapu ya nsinjiro. Mtedza muyambe mwausankha. Wacuku, wofota ndi wowawa tayani osaumva cisoni, pakuti cuku ca mtedza ciri ndi poizoni woononga ciwindi, ndipo kuphika sikum'thetsa.

Mukapeza mbatata yofiira m'kati, yonga Zondeni kapena Kadyaubwerere za kwathu, gulani imeneyo. Iri ndi vitamini A wothandiza maso ndi kuteteza thupi ku matenda.

MAUNGU NDI NTHANGA ZACE

Dzungu ndilo mfumu ya masika. Kuno mupeza la butternut, la hubbard, ndi lina loyera lathyathyathya. Sankhani lolemera, la khungu lolimba losalowa cikhadabo. Dulani zibenthu osasenda, cotsani matumbo ndi nthanga, muziyale mumphika khungu liri pansi. Madzi akhale kapu imodzi yokha, cifukwa dzungu lipsya ndi nthunzi. Likamira m'madzi lituluka lozizira kukoma. Bvundikirani bwino, ndipo pakatha mphindi 25 lapsya. Nthanga musataye ai. Zitsukeni, ziyanikeni, muzikazinge m'ciwaya ndi kuwaza madzi a mcere pang'ono. Zikoma poceza madzulo.

Anzathu a mitundu yina nao adziwa dzungu. Azulu alisakaniza ndi ufa, ati isijingi. Ashona alithira ciponde, ati nhopi. Mukawapatsa futali, iwo adzakulawitsani zao.

Mwina ena simudziwa kuti dzungu, cimanga, mbatata, mtedza, cinangwa ndi nyemba kwao ndi ku America. Zinafika mu Africa pa zombo za amalonda, makamaka Apwitikizi, citapita caka ca 1500. Eni dziko ndi mapira, mawere, nzama ndi khobwe. Cotero zakudya za masika nazonso ndi alendo monga ife, zinaoloka madzi ndi kukagwira nchito kwa eni.

NKHWANI WOTENDERA NDI MFUTSO

Amai ogulitsa pa misika ya ku lokeshoni ali ndi masamba amene Asotho ati morogo, Azulu ati imifino. Funsani masamba a dzungu anthete. Asadzuleni, ndiko kucotsa ulusi wa ku mitengo yace, atsukeni ndi kuwadula bwino. Wiritsani theka la kapu ya madzi ndi mcere, ndi soda wongokwana kunsonga ya supuni yaing'ono m'malo mwa cidulo. Ikani nkhwani wodzaza mbale imodzi ndi matimati 2. Pakatha mphindi 6 wazani theka la kapu ya nsinjiro pamwamba, bvundikirani mphindi 8 pa moto wocepa, ndipo mutakase. Soda asacuruke, pakuti aononga mavitamini ndi kukoma komwe.

Pa nkhwani fulumirani, cifukwa cisanu coyamba cipha masamba onse usiku umodzi. Gulani wambiri tsopano mupange mfutso. Wiritsani masamba mphindi 3, muwayanike pa thumba loyera masiku 2 kapena 3, kufikira aphwanyika m'manja. Kwathu mfutso ausunga m'cikwatu ca masamba a msuku. Kuno citini couma ca cibvundikiro cikwana. Mu July, kabici atakutopetsani, mudzandikumbuka.

NYEMBA NDI MPHALE

Cimanga cokonola, cimene ife titi mphale, kuno ati stampa, ndipo cipezeka m'sitoro iri yonse. Axhosa aciphika pamodzi ndi nyemba, ati umngqusho, ndipo palibe cakudya cina cokhalitsa m'mimba ya munthu wa shifiti monga cimeneci. Bviikani makapu 2 a mphale ndi kapu imodzi ya nyemba usiku wonse. M'mawa tayani madziwo, thirani ena, ndipo ziwire kolimba mphindi 15 zoyamba, pakuti nyemba zosawira bwino zipweteka m'mimba. Pamenepo cepetsani moto, ziphike maola 2 kapena 3. Zikafewa thirani mcere, anyezi wokazinga ndi matimati, kapena masupuni 3 a ciponde.

Wodandaula za magetsi kapena parafini acite cotere: zikawira mphindi 30, phulani mphika uli cibvundikire, muukulunge m'mabulangete 2, nimuusiye maola 4. Kutentha kwace kumaliza nchito. Musanadye wiritsaninso bwino.

Za nsima sindicurutsa mau, pakuti wosadziwa kubvundula afunse mnzace wa cipinda coyandikana. Ndingoti ufa wa m'sitoro musaunyoze. Zoona, sununkhira ngati ufa woyera wa kwathu wobviika ndi kuyanika pa mphasa, koma kuyambira caka ca 2003 lamulo la South Africa likakamiza zigayo zazikuru kuthiramo mavitamini ndi ayironi. Wofuna wonga mgaiwa asankhe ufa wokhakhala.

THOBWA

Phwando lopanda thobwa si phwando. Wiritsani malita 5 a madzi, muphike phala ndi makapu 3 a ufa wokhakhala, libwate mphindi 20. Phulani, lizizire kufikira cala cipirira kutentha kwace. Pamenepo thirani kapu imodzi ndi theka ya cimera, ndi kutakasa. Mudzaona phala lolimba lija lisungunuka ndi kuyamba kutsekemera, cifukwa cimera cisandutsa ufa kukhala shuga. Mukathira phala liri lotentha kwambiri, cimera cifa ndipo nchito yace siicitika. Bvundikirani ligone usiku, m'mawa muliwiritsenso mphindi 15, ndipo likazizira onjezani shuga monga mukonda.

Kwathu cimera acipanga pobviika mawere, mapira kapena cimanga, kuzimeretsa, kuziyanika ndi kuzisinja. Kuno cigulitsidwa m'mapaketi, dzina lace umthombo. Koma mverani ici: thobwa likagona masiku 2 kapena 3 liyamba kusanduka mowa. Kacipangizo kouzira pa geti ya mgodi sikadziwa kuti munamwa thobwa la dzana, kangoona mowa basi, ndipo munthu angataye shifiti kapena nchito imene. Imwani latsopano, lotsala patsani anzanu tsiku lomwelo.

CIKONDAMOYO

Ici ndico codyera tiyi m'malo mwa buledi. Kanyani nthoci 3 zakupsya kwambiri. Sakanizani ndi makapu 2 a ufa wokhakhala, masupuni 2 a shuga, masupuni 2 a mafuta, mcere pang'ono, theka la supuni yaing'ono ya soda, ndi kapu imodzi ya cambiko, cimene kuno ati amasi. Zikhale ngati phala lolimba. Pakani mafuta mumphika, thiranimo, bvundikirani, muike makala ocepa pansi ndi ambiri pa cibvundikiro. Pakatha mphindi 35 kapena 40 lowetsani mpeni pakati. Ukatuluka woyera capsya. Wokhala ndi uvuni wa magetsi aike pa 180.

CENJERANI NDI MBAULA

Popeza ndachula makala, ndiyenera kunena mau olemera. Caka ciri conse nyengo yozizira anthu afa m'tulo cifukwa colowetsa mbaula m'cipinda ndi kutseka citseko ndi mazenera. Makala atulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwewo umene auyesa ndi makina pansi pa mgodi. Ulibe pfungo, suoneka ndi maso. Munthu ayamba kumva mutu ndi cizungulire, nagona, osadzukanso. Pansi tiuopa, nanga bwanji tiuitana tokha m'cipinda? Mbaula iphikire panja ndipo igone panja. Wophikira parafini atsegule zenera. Mukapeza mnzanu wakomoka m'cipinda ca mbaula, m'tulutseni ku mphepo msanga ndi kuthamangira naye ku cipatala. Akuru anati phukusi la moyo umasunga wekha.

MASIKU A PHWANDO

Kwathu masika ali pakati pa miyambo iwiri yaikuru. Kumapeto kwa February Angoni asonkhana ku Mtenguleni, pafupi ndi Chipata, pa mwambo wa Nc'wala, kumene Inkosi ya Makosi Mpezeni alawa zoyamba za m'munda. Kumapeto kwa August, zokolola ziri m'nkhokwe, Acewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique apita ku Mkaika m'boma la Katete, kwa Kalonga Gawa Undi, pa mwambo wa Kulamba. Pakati pace machalichi ambiri acita tsiku la masika, anthu nasenza cimanga, mtedza ndi nkhuku kukathokoza. Pa miyambo yonseyi simudzaona munthu alikudya yekha kuseri kwa citseko.

Ife kumeneko sitifikako caka ciri conse, koma masiku opuma tiri nao m'nyengo yomweyi: 21 March, Lacisanu Loyera ndi Lolemba la Pasaka, 27 April pokumbuka cisankho ca 1994, ndi 1 May, tsiku la anchito. Abale a ku Zimbabwe akumbuka ufulu wao wa pa 18 April 1980, a ku Mozambique wa pa 25 June 1975, ndipo ife a ku Malawi wa pa 6 July 1964. Idi yomaliza kusala kwa abale athu Asilamu iyenda ndi mwezi. Mu 2024 inagwa mu April, mu 2025 kumapeto kwa March.

Sankhani tsiku limodzi limene shifiti ikulolani, musonkhe anthu 6. Gulani nkhuku 2 za cikuda, zimene kuno ati hardbody, ndi mpunga makilo 2. Mukapeza wa Kilombero wa ku Karonga kwa amai obwera ndi katundu pa basi, pfungo lace lidzaitana cipinda conse. Nkhuku ziduleni, muziike mumphika ndi mcere ndi makapu 3 a madzi, ziphike pa moto wocepa ola limodzi ndi theka. Madzi akauma zikazingeni m'mafuta ace omwe, ndipo muthire anyezi 2, matimati 4 ndi madzi pang'ono a msuzi. Wina aphike nkhwani, wina abwere ndi thobwa. Ngati pakati panu pali Msilamu, iye ndiye azinge nkhuku, ndipo mphika ukhale wosaphikamo nkhumba, kuti onse adye ndi mtima umodzi.

Musaiwale kuitana anthu awiri. Woyamba ndi mnyamata wongofika kumene, amene sanadziwe msika ndi cinenero ca kuno. Waciwiri ndi madala uja anasiya kale kuimba lamya kumudzi. Munthu sasanduka mchona tsiku limodzi ai. Ayamba ndi kuiwala zazing'ono. Ndaona ine munthu wa zaka zambiri kuno, atadya nkhwani wotendera, ayamba kuchula dzina la mudzi wace ndi la mlongo wace, ndipo sabata yomweyo afunsa mtengo wa basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza.

MASIKA A KUMUDZI ALI M'MANJA MWANU

Tsopano ndinene monga mabalani. Mu ofesi mapepala a malipiro apita m'manja mwanga, ndipo ndiona amuna a mphamvu amene ndalama yao ithera ku ngongole mwezi usanafike pakati. Sindinena kuti mphika uthetsa mabvuto onse, koma yesani nokha. Tengani kabuku, mulembe ndalama iri yonse yopita ku cakudya cogula cophika kale kwa mwezi umodzi. Mwezi wotsatira phikani nokha, awiri kapena atatu mphika umodzi, mulembenso. Kusiyana kwace mudzakuona ndi maso anu.

Ndalama yotsalayo nthawi yace yotumiza ndi ino. Masika sadzaza nkhokwe caka ciri conse. Mu 2024 mvula inadula, ndipo maboma a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe analengeza kuti maiko ao ali pa ngozi ya cilala. Mlimi ali yense adziwa kuti cimanga citsika mtengo mu May ndi June pokolola, nicikwera mu January ndi February pamene nkhokwe zauma. Banja losowa ndalama ya sukulu kapena ya sopo ligulitsa cimanga kwa mavenda pa mtengo wolira, ndipo pakatha miyezi 7 ligulanso cimanga comweco pa mtengo wowawa. Mukatumiza ndalama tsopano, akazi anu kapena amai anu sagulitsa zokolola zao, ndipo angaonjeze thumba la makilo 50 cikali cochipa. Muwauze acisunge couma bwino, m'matumba osalowa mpweya kapena ndi mankhwala a anankafumbwe. Cotero futali wophika m'cipinda ca lendi kuno asanduka nsima ya ana anu mu February.

Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Ine ndalemba za kumtunda kwathu, kumene ndidziwa. Inu a ku nyanja odziwa kondowole ndi usipa, inu a ku cigwa ca Shire ndi a ku Tete odziwa nsima ya mapira, lemberani Mkonzi kuti nafenso tiphunzire. Tsalani bwino, mulowe pansi ndi kutuluka amoyo.

Ine wanu,
MABALANI